Batani Sanali Galu Wotha Mphamvu

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi. Ntchito yanga ndi yosanja mabuku a anthu ena m'mashelefu a laibulale, ndipo ndikudziwa kuti kusanja mabuku sikupatsa munthu chilolezo cholemba. Ndime yoyambayi ndaifufuta kanayi. Komabe nkhani ya a Telala yandisowetsa mtendere, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuilemba ndizingodzikhululukira ndekha. Pomwe ndaphonya, mundikhululukire.

A Telala ali ndi kachipinda kosokeramo kumapeto kwa msewu wathu, pakati pa wokonza mafoni ndi saluni. Mkatimo muli makina opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi kapilo kokhomedwa pakhoma kobayapo masingano. Asoka momwemo zaka makumi atatu. Akazi awo anamwalira kalekale, ana ali kutali. Amene amakhala nawo ndi Batani, galu wofiirira wa khutu limodzi lopindika, yemwe amagona pansi pa makina tsiku lonse, mchira uli pafupi ndi chopondera, koma sanapondedwepo ndi kamodzi komwe.

Loweruka lililonse m'mawa tinkakwera kaphiri ka kuseri kwa thanki ya madzi. Tinalipo anayi: a Telala ndi Batani, a Makaniko ndi agalu awo awiri aphuma, Mayi a Saluni ndi kagalu kawo kaubweya komwe amakapesa kuposa makasitomala, ndi ine wopanda galu, wonyamula botolo la madzi ndi mbale yomwera agaluwo. Amanditchula a Mabuku.

Tisananyamuke, a Telala ankayamba andiitanira m'shopu.

"A Mabuku, maso anu a sukuluwo agwireko ntchito."

Ankandipatsa masingano ndi ulusi kuti ndilowetse, oti azisokera zapamanja sabata yonseyo. Poyamba anali masingano anayi. Kenako asanu ndi atatu. Chaka chino anafika khumi ndi awiri, ndipo anayamba kundilangiza kabayidwe kake pakapilo paja: woyera kumanzere, wakuda kumanja, wamitundu pakati, osasokoneza. Tsiku lina ndinawaona akupapasa kapiloko ndi zala, nkhope ili kwina. Ndinafuna kufunsa. Ndinakonza funsolo m'mutu katatu, ndikulisalaza kuti lisawachititse manyazi, mpaka mpata unadutsa. Ndi mmene ndilili ine.

Panjira, Batani anayamba kuchedwetsa gulu. Sankathamanganso ndi anzake. Ankayenda atadziphatika kumwendo wakumanzere wa a Telala, n'kumaima pamwala uliwonse, pamuzu uliwonse.

"Madala, galu wanuyu injini yatha," ankatero a Makaniko. "Mubwere naye kugalaja timusinthe mapulagi."

"Musandinyozere mwana wanga, achimwene. Ameneyu amawerenga njira ngati a Mabuku, tsamba ndi tsamba."

Tinkaseka. Koma ine ndinali nditamuonapo Batani Lachitatu lina akupirikitsa mphaka kuseri kwa saluni, fumbi kobo. Galu wotha mphamvu sathamanga choncho. Izinso sindinanene.

Amene anatulutsa nkhaniyo poyera anali Mayi a Saluni. Tinali titakhala pamwala wa pamwamba pa kaphiri, agalu akumwa madzi, dzuwa litakwera kale.

"Bambo, ndinene mosabisa. Ine Loweruka ndiye tsiku langa la ntchito. Ndikamafika, anthu apita kale kwina ndi tsitsi lawo. Batani azitsala kunyumba, apumeko. Wakula."

A Telala ankangosisita khutu lopindika lija.

"A Mabuku, inu mukuti bwanji?" anandifunsa a Makaniko. "Ndinu ophunzira pano."

Onse anandiyang'ana. Ndikanangonena kuti vuto si galu. Koma ndinaopa kuulula za munthu wamkulu pagulu, ndinaopanso kuti mwina ndikulakwitsa, popeza sindine dokotala. Ndiye ndinasankha mawu amene ndinkaona ngati sapweteka aliyense.

"Mwina n'zoona," ndinatero. "Apumeko."

"Chabwino," anatero a Telala. "Ophunzira anena."

Loweruka lotsatira anamumangirira Batani kumwendo wa tebulo lodulirapo nsalu. Kulira kwake tinkakumvabe titafika pa thanki. A Telala ankayenda mofulumira kuposa masiku onse, ali patsogolo, akuseka mokweza, ngati akufuna kutionetsa kuti wochedwa analidi galu.

"Mwaona?" anatero a Makaniko. "Kalavani tamasula, galimoto ikuuluka."

Kuseri kwa thankiyo kuli ngalande yakuya yomangidwa ndi simenti, ndipo chivundikiro chake chimodzi chinasweka kalekale. Aliyense amangolambalala osaganizako. Pamenepo m'pomwe Batani ankaima sabata iliyonse n'kuwakankhira a Telala kumanja ndi phewa. Tsikulo panalibe wowakankha. Anaponda m'malere. Ndinamva kulira kwa Mayi a Saluni ndisanamvetse chomwe chachitika. Titawatulutsa, dzanja lamanja linali litapindika pomwe dzanja silipindika.

Kuchipatala anawaika pulasitala. Dokotala wake anali mayi wosachedwa ndi mawu. Atamva mmene anagwera, dzuwa likuswa mtengo, panjira yomwe aiyenda zaka zambiri, anatenga katochi n'kuwaunika m'maso.

"Ng'ala, maso onse awiri. Zinayamba liti, bambo?"

"Chino n'chaka chachiwiri."

A Makaniko anavula chipewa n'kutuluka panja. Mayi a Saluni anagwira pakamwa. Ine ndinatsala pabenchi ndi a Telala, tikudikira mankhwala.

"Anthu akamva kuti telala saona, ndani angamubweretsere nsalu?" anatero motsitsa mawu. "N'chifukwa chake ndinabisa. Batani yekha ndiye ankadziwa." Kenako anatembenukira kwa ine. "Kapena inunso munkadziwa, a Mabuku? Masingano aja."

"Ndinkaganizira, bambo."

"Ndiye munati galu apumeko."

Sananene mokalipa. Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Lero patha masabata atatu shopu ili yotseka. Dzulo mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake yosasokedwa, akupepesa kwambiri, n'kupita nayo kwa telala wa kumsika. Ameneyu ndi kasitomala wachisanu kutero. Kaphiri kaja sitinakwerenso. A Makaniko amangodutsa pakhomo pa a Telala madzulo, kumusiyira Batani mafupa, osalowa.

Dokotala ananena kuti ng'alayo imachotsedwa, ndipo anawalembera tsiku: Lachiwiri likubwerali, m'mawa. Dzanja lidzapola lokha, koma maso akapanda kukonzedwa makina aja sadzaliranso. A Telala akukana. Akuti mpeni m'diso ayi, bola kakhungu komwe akuzolowera kale. Atandiuza zimenezi sabata yatha, ndinadzimva ndikuyankha kuti, "Mwina n'zoona, muganizirebe." Mawu omwe aja. Ndinafika kunyumba ndili ndi manyazi osaneneka.

Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti kusamala mawu ndi ulemu. Sindikudziwanso. Chomwe ndikudziwa n'chakuti ndapempha kale tchuthi cha Lachiwiri kuntchito, ndipo a Makaniko avomera kubwera ndi galimoto. Mawa ndipita kwa a Telala ndikawauze maso ndi maso, osasalaza, kuti ndikufuna apite, ndipo kuti ndikakhala pakhomo pa chipinda cha opaleshoni mpaka atuluke. Akandithamangitsa ndibwereranso mkuja. Ndipo Loweruka, kaya ena abwera kaya ayi, ndikamasula Batani, ndinyamule mbale yake, tikwere kaphiri kaja atatu. Pomwe waima galuyo, nanenso ndiziima.