Lachisanu la bambo, Lamlungu la anzawo

Ndinali Folomu 2 pamene kampani ya bambo inaphatikizana ndi ina ya ku Liwonde. Makampani onse awiri ankakonza mabogi a sitima ndi zitsulo zikuluzikulu za milatho. Wekishopu ya ku Liwonde inatsekedwa, makina ake n'kubwera ku Balaka pa malole. Kenaka mabwana atsopano ananena kuti wowotcherera wamkulu akufunika mmodzi yekha. Analipo awiri: bambo anga ndi bambo ena a ku Liwonde, Msilamu wa ndevu zoyera.

Bambo akanachotsedwa, tikanatuluka m'nyumba ya kampani n'kubwerera kumudzi ku Phalula, ine n'kusiya sukulu pakati pa chaka. Amayi anayamba kusonkhanitsa makatoni kuseri kwa chitseko. Ndinkawaona akuchuluka.

Loweruka lina masana bambo a ndevu aja anatsika pa kabaza pakhomo pathu. Ndinawapatsa tiyi ndi mbatata, n'kukhala pakona pa khonde ndikusankha mpunga.

"Achimwene, mwabwera kudzaona nyumba yomwe mulowe?" anatero bambo mouma.

"Iyayi, denga lakelo ndaliona ndili kumsewu, limadontha," mlendoyo anayankha akuseka. "Ndabwera ndi funso. Bogi ikathyoka ku Nkaya Lamlungu m'mawa, akakupezani kuti?"

"Ku Misa. Ndimayimba kwaya."

"Ndamva kuti mumasokoneza anzanu, koma simujomba. Ine Lachisanu masana ndili ku mzikiti, ngakhale njanji yonse ya ku Nayuchi itaduka. Tsono mabwanawa alonjeza eni sitima kuti wekishopu izitsegula tsiku lililonse. Munthu mmodzi angathe?"

Bambo anaika kapu yawo pansi. Kenaka anati, "Mwana iwe, onjezera mbatata."

Lolemba anapitira limodzi ku ofesi kukapempha kuti asungidwe onse awiri, azisinthana masikuwo, wina atavala ovolosi yabuluu, wina yofiirira, aliyense ya kampani yake yakale. Bwana sanavomere pomwepo. Anati ayese kaye, aone.

Anayesadi. Lachisanu bambo ankabwera kunyumba dzuwa litalowa, maso ali psuu, malaya akununkha utsi wa chitsulo. Lamlungu ankayimba kwaya mosatekeseka, anzawo aja ali pansi pa bogi. Sitima sinadikirepo wowotcherera.

Mvula yoyamba itagwa, bambo anafika ndi ovolosi yatsopano yobiriwira, ikadali m'pepala la pulasitiki. Pambuyo pawo panali bambo a ndevu aja, atanyamula yawo yofanana.

"Mlamu," bambo a ndevuwo anauza amayi, "amuna anuwa andikakamira, tidzakalamba limodzi pa ntchitoyi."

Amayi analulutira mpaka oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Madzulo omwewo anatenga makatoni onse n'kukapatsa mayi wogulitsa tomato pa siteshoni. Ine ndinasita yunifolomu yanga mosamala, kolala ndi mapindiro omwe, ndipo m'mawa ndinakakhala pa desiki yanga yomwe ija ya pafupi ndi zenera.