Bulekidauni Isafulumire

Che Wadi sanavalepo yunifolomu, koma chinenero cha apolisi amachimva kuposa ena ovala zipewa. Ntchito yawo ndi yokoka magalimoto owonongeka. Bulekidauni yawo, nkhalamba yotsokomola utsi, imakhala pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi rodibuloko ya kwa Mponda, ndipo eni ake amakhala pabenchi, khutu lili ku wailesi ya m'manja ya a Ambrose, wapolisi wa pamsewu wochokera ku Mzimba.

Palibe anawaphunzitsa. Anangotolatola. Wailesi ikati “Mayiki Hotelo,” ndiye kuti nambala ya galimoto ndi ya MH, ya konkuno ku Mangochi. Ikati “bulekidauni ibwere msanga,” zitsulo zokha ndi zomwe zatseka msewu, ndipo Che Wadi amalumpha ngati mnyamata. Koma ikati “bulekidauni isafulumire,” pali maliro: apolisi ayambe ayeza msewu ndi kujambula. Mawu amenewa Che Wadi amadana nawo kwambiri.

Tsiku lina m'mawa akumwa tiyi, wailesi inakhosomola. Lole yagubuduzika pamsewu wa ku Makanjira, dalaivala ali pansi pake. Nambala inatchulidwa pang'onopang'ono, ndipo Che Wadi anaika kapu pansi. Inali lole ya mng'ono wawo Hafiz, amene ankaiyendetsa yekha. Kenako anamva mawu aja: isafulumire.

A Ambrose anatsitsa wailesi msangamsanga, koma madzi anali atatayika kale. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo wamkuluyo akufunafuna makiyi amene anali nawo m'manja.

“Che Wadi, pepani,” anatero a Ambrose. “Khalani pansi. Tiitanitsa ina ya ku Liwonde, ifika mawa.”

“Mawa?” anafunsa Che Wadi. “Bwana, ife Asilamu sitigoneka maliro. Lole ija popanda chingwe changa sidzuka. Mwana wa mayi anga agone pansi pa zitsulo mpaka mawa?”

A Ambrose anakweza wailesi pakamwa n'kuuza anzawo kuti ayeze mwachangu, bulekidauni yanyamuka, ndipo woyendetsa ndi mkulu wake wa malemu.

Msewu wa ku Makanjira suthamangika, koma tsiku limenelo nkhalamba ya bulekidauni ija inathamanga. Che Wadi anamanga okha chingwe, nadzutsa lole mosamala ngati akuopa kudzutsa munthu wogona. Dzuwa lisanalowe Hafiz anali atasambitsidwa, atavekedwa sanda, nsalu yoyera ya maliro, ndipo mkulu wake anatsikira m'manda kukamulandira, girisi akadali m'zikhadabo.