Masamba Atatu a M'kope la Malume

Kope la malume linali la chikuto cholimba chobiriwira, ndipo linkanunkha fumbi lotentha, fungo la makina omwe sazimitsidwa. Tsamba lililonse linali ndi nambala pakona. Nambalazo ndinaziona, koma sindinaganize kuti pali munthu amene amaziwerenga.

Ndinafika ku Dublin m'nyengo yozizira ndili mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi, nditangochoka pa sukulu ya kumudzi kwathu. Tinkakhala ku Ongar m'nyumba ya malume: ineyo, amayi omwe ankagwira ntchito yosamalira okalamba, ndi bambo ena a ku Zambia omwe ankagona m'kachipinda kakumbuyo. Chingerezi cha kuno chinkandithamangira m'makutu, choncho ndinkangomwetulira n'kumasesa pomwe pasesedwa kale. Ndinkafuna aone kuti sanalakwitse kunditenga.

Malume ankagwira ntchito ku Mulhuddart, pa kampani yaing'ono yosamalira makompyuta akalekale, aakulu ngati filiji, ena opangidwa amayi ali khanda. Mafakitale ena ankawagwiritsabe ntchito chifukwa kuwachotsa kukanaimitsa zonse. Ntchito ya malume inali kukonza pulogalamu yaikulu imene imayendetsa makinawo. Akapeza pamene pang'ambika ankalemba chigamba n'kuchiyesa pa makina a muofesi. Pakatha miyezi ingapo zigamba zonse zinkamangidwa pamodzi n'kutumizidwa kwa eni mafakitale. Ankati apudeti. Chigamba chikagwetsa makina oyeserawo, n'kusiya kugwira ntchito, malume ankachidutsitsa mzere wofiira m'kope muja, n'kulemba chifukwa chake m'mbali, timalemba tating'ono tokwerana.

Loweruka lina kopelo analisiya patebulo. Ndinalitsegula, ndipo ndinachita manyazi m'malo mwawo. Masamba atatu apakati anali mizere yofiira yokhayokha, mivi yoloza uku ndi uku, madontho a tiyi. Aphunzitsi athu kumudzi ankayenda ndi lezala m'thumba la malaya. "Tsamba lodetsedwa dulani, muyambirenso," ankatero, "mlendo asaone kuti munavutika." Pa zimenezo m'kalasi mwathu munalibe wondiposa. Ndinatenga lezala m'bafa, ndinadula masamba atatuwo mpaka mumsoko, bwinobwino osasiya chizindikiro, ndipo ndinawabisa m'chikwama changa cha kusukulu. Ndinkafuna kuwakopera moyera, zofufutidwazo ndizisiye, ndiwamatemo Lolemba lisanafike. Koma zilembo za malume zinali zovuta, ndipo Lolemba linandipeza ndikadali pa tsamba loyamba.

Malume atabwera kuchokera kuntchito tsiku limenelo sanavule jekete. Apudeti inali yoti ituluke Lachisanu, ndipo lamulo lawo linali lakuti abwana awerenge kope lonse asanasaine. Abwanawo anafika pa tsamba 40, kutembenuza, n'kupeza 44. Anawayang'ana malume nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati pali chimene akubisa. Pa masamba osowawo m'pamene panalembedwa chigamba chimene chinagwetsa makina oyesera, ndi chifukwa chake. Abwana anakana kusaina, ndipo anati masambawo akapanda kupezeka pofika Lachisanu, malume abweze khadi lolowera kuntchito.

"Wadula ndi lezala ameneyu, achemwali," malume anauza amayi. "Si ngozi ayi. Ndi munthu wodziwa chimene akufuna."

Nyumba inasintha. Malume ankatchula anzawo a kuntchito mmodzimmodzi: uyu amafuna mpando wanga, uyu amati makina akalewa atayidwe. Koma amayi maso awo anali pa chitseko cha kachipinda kakumbuyo. Bambo a ku Zambia aja anaphunzira zamakompyuta kwawo, kuno ankayendetsa vani, ndipo ankakonda kufunsa malume za ntchito yawo. Kale mafunsowo tinkawaseka. Tsopano amayi anawakumbukira onse, limodzilimodzi. Anayamba kukiya chipinda cha malume. Bambowo akalowa m'khitchini nkhani inkaduka, kumangomveka ketulo ikuwira.

Ine ndinkakopera. M'basi, pa nthawi yopuma kusukulu, m'bafa nditadzitsekera. Lero ndimadzifunsa chifukwa chake sindinangoulula, ndipo yankho lake silindisangalatsa. Ndinkaopa, inde. Komanso ndinkafuna kubwera ndi ntchito yomalizidwa, kuti asanakwiye aone kaye kukongola kwake.

Lachitatu amayi anawafunsa bambowo maso ndi maso. Ine ndinali pamasitepe, chikwama ndili nacho pachifuwa.

"Amai, ine sininagwileko buku yao," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Two years tikhala pamodzi. Lelo nakhala kawalala?"

"Nanga ndani? Mwanayu?" anatero amayi akuloza ine, ndipo anaseka, poti zinali zosatheka.

Bambowo anatembenuka. Ndi iwo amene anandiphunzitsa nambala ya basi ya kusukulu, kundilembera padzanja ndi bolopeni. Anandiyang'ana kumaso, kenako anayang'ana chikwama. Sindidziwa chimene anaona. Analowa m'kachipinda kawo.

Lachinayi pochokera kusukulu ndinapeza vani palibe. Kachipinda kakumbuyo kanali kotsegula, matiresi ali opanda nsalu. Amayi anati wapita kwa anzake ku Balbriggan, ndipo kuthawako ndiye umboni.

Tsiku lomwelo ndinamaliza kukopera. Malume atalowa ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri monga tinkaperekera makope kwa aphunzitsi. Pamwamba panali masamba anga oyera, opanda mzere wofiira ngakhale umodzi. Pansi pake panali akale aja.

Malume anakankhira anga pambali ndi chala chimodzi. Anatenga akalewo, kuwawongola pabondo, milomo ikuyenda powerenga timalemba ta m'mbali. Amayi anakhala pampando, dzanja pakamwa, akuyang'ana chitseko chotsegula chija.

"Mphwanga," malume anatero motsitsa mawu, "zofiirazi ndiye ntchito yanga. Zinazi aliyense akhoza kulemba."

Sanandimenye, ngakhale kundikalipira. Anatenga foni n'kutuluka panja, ndipo ndinawaona pawindo akuimba kawiri. Abwana anayankha. Bambo a ku Zambia sanayankhe, tsiku limenelo ngakhale masiku ena onse.

Apudeti inatuluka Lachisanu, chigamba choipa chija atachichotsamo, ndipo khadi la malume linakhalabe m'khosi mwawo. Masamba anga anatsala patebulo pomwe anawakankhira. Ndinawatenga n'kukhala nawo pamasitepe, ndikutsatira mzere ndi mzere ndi chala, kufuna kupeza chilembo chimene ndinapotoza kuti malume asawafune. Ndinabwereza katatu. Zonse zinali zowongoka.