Mkazi Amene Anadulidwa pa Zithunzi za a Batchala

Anthu a mumsewu umenewo ankawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa kwa zaka zoposa makumi anayi mawu awo pantchito anali amenewo basi. Munthu akakhala pampando, iwo ankaika diso pa kamera n'kunena kuti “Mwetulirani,” nkhope ili ngati ya munthu wodzalengeza maliro. Mano a eni akewo palibe anawaonapo. Situdiyo yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa shopu ya telala ndi ya wokonza nsapato. Mkatimo munali mpando umodzi, chinsalu chakumbuyo chojambulidwa masitepe a nyumba yosanja, ndi tebulo lalitali lodulirapo zithunzi. Sukulu sanapite nayo patali. Ntchito anaiphunzira mwa kuonerera, ndipo anaigwira mpaka maso anayamba kufuna magalasi awiri, ena oyendera, ena owerengera.

Koma chimene ankadziwika nacho kwambiri si kujambula. Anali mng'ono wawo wa a Batchala.

A Batchala ndiye panalibe wosawadziwa. M'masiku a wailesi ya mabatire, pulogalamu yawo ikayamba, ometa ankasiya anthu mutu uli theka. Sewero lawo, pa wailesi ndi pa nsanja pomwe, linali limodzi lomwelo koma silinkatopetsa: mwamuna wovala jekete la manja aafupi, duwa lofota m'manja, akufunsira mkazi n'kukanidwa. Anakanidwapo ndi mphunzitsi, ndi wapolisi wamkazi, ndi wogulitsa nsapato, mpaka ndi chidole cha pawindo la sitolo ya zovala. Akakanidwa ankatembenukira anthu n'kuwauza kuti mayiyo wangochita manyazi, mawa avomera. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti.

Patatha zaka makumi awiri chimwalirireni a Batchala, oyang'anira holo imene ankachitiramo zisudzo anaganiza zopachika zithunzi zawo pakhoma kuti ana a masiku ano awadziwe. Anapempha mwana mmodzi yekhayo wa malemuwo, namwino yemwe anali mayi wa ana atatu, kuti abweretse zithunzi za kunyumba. Iye ananyamula chitini cha mabisiketi chodzaza zithunzi n'kupita nacho kwa bambo ake aang'ono m'mawa wa Loweruka, popeza ndiwo anajambula zonsezo ndipo akanatha kunena kuti chilichonse chinajambulidwa liti.

A Mwetulirani anatseka chitseko, n'kuvala magalasi owerengera. Anayala zithunzi patebulo motsatira zaka. Choyamba chinali cha a Batchala ali kondakitala wa basi, chikwama cha matikiti chili m'khosi. Anafotokoza kuti nthabwala zinayambira m'basimo, ndipo ntchitoyo inatha chifukwa okwera ankapitirira potsikira, dalaivala naye n'kukadandaula kuti akulephera kuwongolera ndi phwete. Namwinoyo anaseka n'kulemba m'kabuku. Kenaka panabwera cha tsiku loyamba ku wailesi, cha pa nsanja ya kuholo, cha m'chipatala atathyoka mwendo koma duwa lija ali nalobe m'manja. Pa zimenezi a Mwetulirani ankayankha msanga, chaka, mwezi, ngakhale mtundu wa filimu.

Atafika pa zithunzi za kunyumba, mawu anayamba kuwachepera. Zithunzi zimenezi zinali zowonda poyerekeza ndi zinzake. Namwinoyo anatola chimodzi: bambo ake atakhala pakhonde, atanyamula khanda m'shawelo. Paphewa la bambowo panali zala zinayi za munthu amene sankaoneka.

Mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zitatu. Kuyambira ali mwana ankafunsa chithunzi chawo, ndipo bambo ake ndi bambo ake aang'ono ankayankha chimodzimodzi ngati anachita kuloweza: amayi ako ankadana ndi kamera, akangoiona ankathawira kukhitchini.

“Bambo aang'ono, akuholo akufuna mawu pansi pa chithunzi chilichonse,” anatero namwinoyo. “Pa ichi ndilembe chiyani? Zala izi n'za ndani?”

A Mwetulirani ananena kuti mwina zinali za mlendo. Namwinoyo sanatsutse. Anangonena kuti mwana wake wamkazi watha msinkhu, ndipo amafunsa kuti kodi mphuno yakeyo anatengera ndani. Anapempha kuti afufuze m'manegetivu akale, timafilimu totsukira zithunzi. Sankafuna zambiri, chimodzi chokha, ngakhale chojambulidwa chakumbuyo.

Mkuluyo analowa m'chipinda chamdima chimene ankatsukiramo zithunzi kale, n'kukoka katani. Sanatsegule bokosi lililonse. Ankadziwa zimene zinali m'mabokosimo ndi zimene munalibe.

Pamene a wailesi ankawatenga a Batchala, iwo anali atakwatira kale. Mkaziyo ankagwira ntchito yosita kochapira zovala, ndipo ndiye anadula manja a jekete lija n'kuwapinda. Bwana wa ku wailesi ananena poyera kuti anthu amaseka chifukwa amakhulupirira kuti munthuyu amakanidwadi, ndipo tsiku limene adzaone mkazi pambali pake, sewero latha. Atolankhani ankafuna zithunzi za kunyumba, alendo nawo ankakonda kutsegula alubamu pabalaza. Choncho tsiku lina achimwene aja anabwera ndi zithunzi za ukwati m'envulopu n'kunena kuti, mng'ono wanga, takonza izi.

A Mwetulirani anakonza. Anaika lula pakati pa mwamuna ndi mkazi, n'kudutsitsa lezala kamodzi. Anadulanso manegetivu, poopa kuti wina angawabe n'kupita nawo ku nyuzipepala. Zidutswa zonse ankaziwotcha mumgolo wa kuseri kwa shopu pamodzi ndi mapepala owonongeka.

Chilungamo chake n'chakuti palibe anawagwira pakhosi. Achimwene awo anali munthu wosachedwa kugonja, akanangouzidwa kamodzi kuti izi n'zoipa, mwina akanaganiza kawiri. Koma a Mwetulirani ankasangalala akamayamikiridwa kuti dzanja lawo silisiya chizindikiro. Ankasangalalanso ndi mzere wa anthu pakhomo la situdiyo, ofuna kujambulidwa pampando umene a Batchala amakhalapo. Sewero likanatha, mzerewo ukanathanso. Zimenezi ankazidziwa nthawi imeneyo, sikuti anazizindikira atakalamba ayi.

Ndipo mlamu wawoyo sankathawa kamera. Ankavala bwino, kupesa tsitsi, n'kuima pambali pa mwamuna wake ngakhale ankadziwa zimene zichitike. Patapita nthawi anayamba kumaima motalikirako pang'ono. A Mwetulirani atamuuza kuti asendere, iye anayankha kuti akusiya njira ya lezala, kuopa kuti lingadye khutu la amuna ake, poti khutulo ndi limene limadyetsa banja. Onse anaseka, pakuti mkaziyo nthabwala ankazitha kuposa mwamuna. Ya chidole cha pawindo ija inali yake.

Tsiku lojambula khanda lija lokha ndi limene sanasiye njira. Anakakamira pambali pa mwamuna wake, dzanja paphewa, ndipo atauzidwa kuti apatuke pang'ono anachita ngati sakumva. A Mwetulirani anajambula. Atatsuka chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadulabe. Zala zokha ndi zimene zinawakanika, chifukwa akanadya phewa la achimwene.

Madzulo a tsikulo mlamu uja anabwera kudzatenga zithunzi, mwana ali kumsana. Anapeza chidutswa chake chili pansi pa tebulo. Anachitola, n'kuchipukuta fumbi, n'kuchiika patebulo paja.

“Alamu, dzanja lanu ndi labwino,” anatero. “Sindinamve n'kuwawa komwe.”

Anatenga envulopu n'kumapita. A Mwetulirani akanatha kumuthamangira n'kumupatsa chidutswacho, kapena kungochiponya m'dirowa. Anachiwotcha pamodzi ndi zinyalala za tsikulo, monga mwa masiku onse.

Mkaziyo atamwalira, achimwene aja anabwera akulira, akufuna chithunzi choika pabokosi la maliro. Anakhuthula mabokosi onse. Panalibe. Mkulu analoza mng'ono, mng'ono analoza mkulu, ndipo pomaliza anagwirizana za bodza louza mwanayo akadzakula. Anthu anauzidwa kuti wamwalira ndi mchemwali wa a Batchala, wasiya kamwana. Atakalamba, a Batchala anavomera pagulu kuti mwanayo ndi wawo, anthu n'kuwaombera m'manja kuti ndi nthabwala yomaliza. Za lezala sananene.

A Mwetulirani anatuluka m'chipinda chamdima chimanjamanja. Bodza linali pakamwa, lakale lija, ndipo likanagwira ntchito ngati kale. Wina wodziwa zoona analipo ndani? Koma namwinoyo anali ataika chala chake pa zala zinayi zija, akuyerekeza kutalika kwake.

A Mwetulirani anakhala pampando wa makasitomala, umene anali asanakhalepo chiyambire, n'kunena zonse. Sanabise za mgolo, za mzere wa pakhomo, kapena za mawu a mlamu wawo. Sanakankhire mlandu kwa malemu. Ananena kuti wopempha anali achimwene, koma wodula anali iwo.

Namwinoyo sanalire. Anatola zithunzi zowonda zija n'kuziika pazokha. Zinali zambiri kuposa mmene mkuluyo ankaganizira. Kenaka anapempha kuti amuuze mmene nkhope ya mayi ake inalili, poti iwo ndi amene anaiona nthawi zambiri, komanso pafupi.

Anayesa. Anakumbukira diresi la madontho, ndolo zazing'ono, chigongono chimene chinkavuta kudula. Anakumbukira kuti anali wamtali kuposa mwamuna wake. Atafika pa maso ndi mphuno anaima. Nkhope za anthu ongodzajambulitsa za pasipoti ankazikumbukira, koma iyi inawathawa.

“Mwana wanga, ndisakunamizenso,” anatero. “Ine ndinkayang'ana podula. Nkhope sindinkaiyang'ana.”

Panja wokonza nsapato ankakhoma nsapato, telala akukangana ndi kasitomala za zipi. Namwinoyo anang'amba mapepala a m'kabuku kake, n'kuwadula timizere, n'kuika cholembera patsogolo pa bambo ake aang'ono. Anawauza kuti zithunzi zowondazo zipita kuholo mmene zililimu, ndipo pansi pa chilichonse pakhala kapepala konena amene anaima mbali yodulidwayo, zimene anavala, ndi amene anadula.

Mkuluyo anadandaula kuti zolemba zawo n'zokhotakhota, anthu akaseka. Ananenanso kuti anthu amawakonda a Batchala, ndipo akawerenga zimenezi dzina la achimwene lida, lawonso lida, mumsewu muno sadzayendamo mutu uli m'mwamba. Anapempha kuti mwina alembe yekha mwanayo, iwo azingonena.

“Ayi, bambo aang'ono. Ine kunalibe. Lembani inuyo.”

“Ukatero undikhululukira?”

“Sindikudziwa. Yambani mwalemba.”

A Mwetulirani anasendeza mpando kufupi ndi tebulo. Anatenga chithunzi cha ukwati, popeza ndicho chinali choyamba kudulidwa, n'kuchiika kumanzere. Analemba pang'onopang'ono, akutchula chilembo chilichonse chapansipansi: Apa panaima mkazi wa a Batchala, atavala diresi loyera lobwereka kuntchito kwake. Ndinadula ndine, mng'ono wawo. Namwinoyo anawerenga, n'kukonza chilembo chimodzi, n'kuwapatsa chithunzi chachiwiri.