Chiuno Chopanda Dzina

A Tepi asoka masuti pakampani pathu zaka makumi atatu. Dzinali linabwera chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo, ngakhale kumaliro. Kasitomala akalowa, iwo sayamba ndi nkhope, amayamba ndi chiuno.

Ine ndimayang'anira makompyuta. Ndine amene ndinauza abwana kuti miyezo ya makasitomala onse ili mu seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, ndiye mutu wa nkhalamba ngwachiyaninso? Ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Kalata yowapumitsa ntchito inalembedwa, n'kumadikira Lachisanu m'dirowa. A Tepi ankadziwa, poti pakampani chinsinsi sichigona.

Lachitatu m'mawa magetsi anaphethira, seva n'kuzima. Itayaka, mndandanda wa miyezo unakana kutseguka. Ndinathamangira bakapu, kope lija timasunga pambali, ndinapeza kuti inasiya kukopera chaka chatha. Ndinalimbana nazo mpaka masana, thukuta lili kamukamu. Manambala anabwerera onse, koma mayina anasanduka timabokosi. Mizere mazana atatu yopanda eni ake, masuti ofunika Loweruka ali mbwee.

A Tepi anakoka mpando. "Tawerenga, mwanawe."

"Chifuwa 38, mkono wamanja wotalikirapo ndi inchi imodzi."

"Aphunzitsi a masamu aja. Unatalika n'kulemba pabolodi."

"Khosi 19."

"Woimba besi mukwaya. Uwonjezereko, wanenepa."

Tinapitirira choncho, iwo akutchula, ine ndikulemba. Abwana anaima kumbuyo kwathu pamodzi ndi akazi awo, amene chaka chonse akhala akuwadyetsa masamba okhaokha, n'kumanyadira kuti chiuno cha bambo chatsika kufika 40. Nanga si ndi zomwe zalembedwa pakansalu ka m'thalauza? Kansaluko amasokerera ndi a Tepi.

"Chiuno 48," ndinawerenga, "mwendo 28."

A Tepi anavula magalasi, kuwapukuta pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Abwana anakokera mimba m'kati, mpweya osatulutsa.

"Ameneyo ndiye ndani, munthu ngati mgolo?" anafunsa mayi.

"Ndamuiwala, mayi," anayankha a Tepi. "Ukalambatu uwu. Koma amati munthu ukapuma pantchito, n'kumangokhala pakhonde, zonse zimabwerera. Ndikadzakumbuka ndidzakuimbirani."

Lachisanu abwana anandiitana, n'kundipatsa kalata ija kuti ndikaing'ambe bwinobwino. Mzere wa chiuno 48 uja ulibe dzina mpaka pano, ndipo a Tepi akadasokabe.