Mbedza Ziwiri pa Mzinga wa a Habibu

Mukafunsa za a Habibu ku Liwaladzi, palibe angakuuzeni kuti anali msodzi wa kampango, ngakhale ntchito imeneyo anaigwira mpaka msana kupindika. Aliyense angoti ndi aja oona mwezi. Chaka ndi chaka Ramadhani ikamatha, anthu ankasonkhana pachulu cha kuseri kwa nyumba yawo, nyanja ataifulatira, maso ali kumapiri a kumadzulo, ndipo woyamba kukuwa kuti "Uwo!" ankakhala iwowo. Mwezi watsopano ndi kanthu kowonda ngati chikhadabo chowenga, koma iwo sankauphonya. Ulemu wawo wonse unali pamenepo, moti ngakhale pamaliro ankapatsidwa mpando.

Koma maso nawo amakalamba. Chaka chatha anawaposa Yasini wa kabaza, munthu amene a Habibu anamuona akuyenda wopanda kabudula. Idi imeneyo mpunga unawakanira pakhosi. Kwa anthu ankati kunali kamtambo. Mkazi wawo, mayi Asiyatu, sanatsutse, koma tsiku lina anawapezerera akupereka salamu kwa mtengo wa papaya.

Mayiwo anaimbira foni Nasra, mwana wawo amene amagwira ntchito ku Joni, ndipo iye anatumiza telesikopu yakale ya bwana wake. Chinali chimpope choyera cha miyendo itatu, ndipo mudzi unachitcha mzinga tsiku lomwelo. Vuto linali lakuti kagalasi kolozera, kamene kamakhala pamsana pake, kanatayika m'njira.

A Habibu anati kanthu kakang'ono sikangalepheretse chinthu chachikulu. Pakati pa Ramadhani, mwezi uli mbee ngati lichero, anaulozetsa mzinga wawo. Anapeza mdima. Anasunthira uku, mdima. Adzukulu ankauona mweziwo ali pakhonde, agogo a makina ochokera ku Joni ali wefuwefu kuusakasaka. Chimpopecho chimaona patali ndithu, koma chimaona kamalo kochepetsetsa, ndiye popanda cholozera kuli ngati kufuna mbuzi yosochera ukusuzumira pabowo la singano.

M'mawa mwake anakwera minibasi kupita kuboma kwa Steward, wokonza mafoni, amene sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sachidziwa.

"Madala, zolozera zilipo mitundu iwiri," anatero Steward, akuwaonetsa zithunzi pafoni. "Aka ndi kagalasi, koma kamaonetsa zinthu chadodolido. Aka n'kamakono, kamayatsa kadontho kofiira. Mukaika kadonthoko pamwezi, basi mwaupeza. Kamayendera batire."

"Batire likatha, Ramadhani izingopitirira?"

"Mumagula lina, madala."

"Nanga anthu adzati ndaona mwezi kapena ndaona kadontho kako?"

Steward anakanda kumutu, n'kuulula kuti zonsezo n'zoitanitsa ku Lilongwe, ndipo zikhoza kufika Idi itadutsa. A Habibu ananyamuka mokwiya. Ali pakhomo, mnyamatayo anawakuwira kuti chilichonse chimene angamangirirepo, achilunjikitse masana pa chinthu chakutali chimene sichiyenda.

M'minibasi nzeru inabwera. Kodi msodzi anayamba wafunapo batire kuti apeze malo ake a kampango? Amangolunjikitsa mtengo wa kumtunda ndi nsonga ya phiri, ziwirizo zikagwirizana n'kuponya. Atafika kunyumba anatenga mbedza ziwiri zazikulu, n'kuzimanga ndi mphira pamsana pa mzinga, ina kutsogolo ina kumbuyo, mabowo ake atayang'anizana. Ukasuzumira m'mabowo onse awiri, ndiye kuti mzinga nawo waloza komweko. Nzeruyi inali yabwino, tisawanamizire.

Pamene analakwa ndi posankha chinthu chosayenda. Anasankha boti la msodzi mnzawo Tione, limene linali pa nangula patali ndithu ndi gombe. Kwa msodzi, boti la pa nangula laima. Mungamuuze bwanji zina? Ankalipeza m'galasi movutikira, n'kudzuka pang'onopang'ono monga mwa msana wawo, n'kuyamba kupinda mbedza. Pamene azimaliza, mwera unali utalitembenuza botilo. Anapinda, anawongola, anapindanso, mpaka anatopa n'kulengeza kuti zatheka.

Tsiku loyang'ana mwezi, pachulu panadzaza kuposa zaka zonse. Ena anabwera ndi mipando. Dzuwa litalowa, a Habibu anamwa madzi omasulira swaumu, kusala kwa tsikulo, n'kugwira mzinga monyadira. Apa m'pamene anazindikira chimene Steward sanawauze: cholozera chimathandiza munthu amene akuchiona chinthucho kale. Iwo kumwamba konse ankangoona chifunga. Komabe malo ankawadziwa, pamwamba pang'ono pa mpata umene dzuwa lalowera. Analunjikitsa mbedza pamenepo, n'kuika diso pagalasi.

"Mukuonanji, madala?" anthu anafunsa.

Ankaona tambala wa eni ake ali padenga, miyendo m'mwamba. Mzingawo unkaonetsa zinthu chadodolido.

"Uwo!"

Anali Yasini kachiwiri, chala chili m'mwamba, wopanda mzinga wopanda chiyani. Anthu anaombera m'manja, ena anatamanda Mulungu, ndipo posakhalitsa onse anabalalika kukagwira nkhuku za mawa. A mipando ananyamula mipando yawo. Palibe anawaseka a Habibu, ndipo chimenecho n'chimene chinawapweteka kwambiri.

Anatsala okha ndi mayi Asiyatu.

"Bambo a Nasra, tiyeni kunyumba."

"Pitani. Ine sindinauone."

Mawuwo anatuluka motsika, ndipo mayiwo anamva chisoni. Anamanga chitenje, n'kugoneka tsaya pamsana pa mzinga, diso limodzi atatsinzina, mbedza osazilabadira. Anayamba kuukankha pang'onopang'ono.

"Inu musachotse diso pamenepo. Mukaona kanthu munene."

"Tambala wachoka... mtengo... palibe... Imani! Imani pomwepo!"

Mwezi uja unalowa m'galasi mwakachetechete, woyera, wakuthwa, nyanga zitaloza kumene sizinalozepo chibadwire chawo. Kuyambira chaka chatha a Habibu ankangoganizira pamene uli, ndipo tsopano unali pamaso pawo, waukulu ngati chikwakwa. Misozi inadzaza diso, anaipukuta msanga kuti isawabisire.

"Mayi a Nasra," anatero, "wa Yasini uja ndi waung'ono."

"Eya, wanu ndi waukulu. Koma nkhuku sinagwidwe."

Sanasunthe. Mwezi ukatsetsereka m'galasi ankati "Kankhani," mayi n'kukankha, mpaka unabisala kuseri kwa phiri. Kenako anawongola msana, n'kupapasa pamsana pa mzinga, n'kuyamba kumasula mphira.

"Mukuzichotseranji mbedza zanu?"

"Zingadzakubayeni tsaya chaka cha mawa."