Agiriki ndi Amalume Anga

Aphunzitsi athu ku Feira anali ndi kope lakuda, lodyedwa ndi chiswe m'mphepete. Analikopera m'buku la wansembe wina asanasiye seminale, ndipo ankalinyamula ngati khanda. M'menemo munali zimene Agiriki akale, amonke olemba pamanja, ankanena za chiyambi cha mawu a chibale. Ati kwa iwo "tate" ndiye wosunga zonse, "mayi" ndiye wofunafuna ana, "m'bale" ndiye wotuluka naye m'mimba imodzi. Lero ndikuona kuti zambiri ankangopeka, koma ine ndinazimeza osatafuna.

Inali nyengo ya masau, m'ma 1950. Pakhomo ponse pankanunkhira masau oyanika pamphasa, zala zathu zikumata. Ndi pomwe kalata inafika yochokera ku Wankie, kumgodi wa malasha, kumene atate ankakhala chisiyanirane ndi amayi. Ankafuna ndikakhale nawo. Koma kwathu kwa Ansenga mwana ndi wa amalume ake. Iwo akakana, nkhani yatha.

Ine mtima unali dyokodyoko. Sitima! Nsapato! Ndinawapeza amalume akusoka ukonde, n'kuwalalikira kuti ngakhale Agiriki akuti wosunga zonse ndi tate.

"Agiriki akowo anakugulirako dilesi?" anatero osadzutsa mutu. "Nanga m'bale ati ndani?"

"Wa mimba imodzi."

"Ohoo. Kansi si opusa kwenikweni."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinkawakonda munthu uja, ngakhale tsikulo ndinawafunira ng'ona.

Masiku atatu amayi ankalawirira kwa amalume, n'kubwerako maso ali psuu. Ankati ndi utsi. Tsiku lachinayi amalume anavomera, ndipo anapalasa okha bwato kundiwolotsa Zambezi mpaka ku Kanyemba, kumene atate ankadikira. Ndisananyamuke ndinali nditalengeza mudzi wonse kuti ndawina mlandu ndi nzeru za kusukulu.

Zoona zake amalume anandiuza patapita zaka, amayi atamwalira, ine ndili kale namwino. Iwo anali atakanitsitsa. Amayi ndiwo anagwada pamaso pawo, nati, "Alongo anga, sukulu yapano ithera Sitandade Thu. Mukamusunga, azakalamba na khasu monga ine. Mulekeni ayende."

Ndinali mwana wawo mmodzi yekha wotsala, ena atatu ali kumanda. Tsiku lija padoko amayi anangoima chilili, osakweza ngakhale dzanja, ndipo ine m'bwatomo ndinkaganiza kuti akwiya chifukwa ndawagonjetsa.